Mpunga wa a Makisoni Unapita Kusukulu

A Makisoni a kwa Mwambo anabadwa ndi mawu okwanira anthu anayi. Akamanong'oneza akazi awo, a Elenala, kuti ndiwo zachepa mchere, a khomo loyandikana ankayamba kuthira mchere m'miphika mwawo. Kukwaya anawachotsa mwaulemu. Abusa anati mphatso yotereyi njofunika panja, osati m'tchalitchi cha malata.

Panja pakepo panali pa sikimu ya mpunga ya Likangala. Mpunga ukayamba kucha, mpheta zimatera ngati zaitanidwa kuukwati, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zimenezo mankhwala a mpheta anali mwana. Mwana wa m'nyumba yosauka ankasiya sukulu n'kumakaingitsa mbalame kumunda, anzake akukonzekera mayeso. Pobwerera m'kalasi ankapeza atsalira kutali, mapeto ake n'kukwatiwa kapena kulowera kunyanja kukapha matemba.

Zimenezi zinkawapweteka a Makisoni. Iwo omwe sukulu analekezera panjira chifukwa cha mpheta, ndiye chidani chawo ndi timbalameto chinali chochokera pansi pa mtima. Ankayenda m'makomo kuuza makolo kuti amasule ana, minda awasiyire iwo. Akaima pamzere n'kukuwa kamodzi, mpheta za mapuloti onse zinkanyamuka, ndi abakha omwe a m'mabango. Mnyamata akamaliza sukulu, ankamuperekeza ku Zomba pageti pofunira ntchito, n'kumaitana dzina lake mpaka kapitawo amulembe kuti pakhale bata. Bizweki, amene anadzakhala woyeza mpunga pasikelo, analowa ntchito motero.

Ndiye panali Estere, mwana wamasiye wa mutu wakuthwa, amene ankakhala ndi atsibweni ake, a Wilisoni. Awa anali munthu woti ngala iliyonse ya mpunga wawo ankaidziwa nkhope. Anali atagwirizana kale ndi msodzi wina wa ku Kachulu, mwini njinga yatsopano, kuti mtsikanayo akamusungire banja. A Makisoni anawanyengerera a Wilisoniwo kuti mwanayo apitirize sukulu, munda awasiyire iwo, mpaka eni ake anavomera pofuna kupulumutsa makutu, koma anaikapo mawu.

"Achimwene, mbalame zikangolawa mpunga wanga, mwanayu ndikamutulutsa m'mayeso momwemo. Wa njinga uja akudikira."

A Makisoni anaseka, agalu n'kuthawa.

Koma tsoka silinunkha. Tsiku loti mawa mayeso a Sitandade 8 ayamba, kunachitika msonkhano wa chipani, ndipo chimkuzamawu chinakana kulira. Atcheyamani anamwaza maso, n'kuloza a Makisoni. Masiku amenewo ukalozedwa sunkati ndili ndi zochita. Anaima padzuwa tsiku lonse kubwereza mawu a mlendo wochokera kuboma, munthu wosadziwa pothera nkhani, ayufi, anyamata a chipani aja, ali pambali kuwayang'ana kukamwa. Kutacha anatsegula pakamwa kuti apereke moni, kunangotuluka kamphepo ngati tayala laponcha.

A Elenala anawamwetsa mandimu, tsabola ndi madzi a mchere, koma ayi ndithu. Mayiwo sanadandaule kwambiri. Anati chikwatiwireni, aka kanali koyamba kumva kuti tambala wawo ali ndi mawu abwino.

Mpheta zinazindikira msanga. A Makisoni ankatukula manja n'kuyasamula, izo n'kumangowayang'ana chammbali zikudya. Anathamanga uku ndi uko m'munda mwa a Wilisoni, anagwera m'ngalande, anadzuka ali matope okhaokha, mantha atawagwira poganiza za Estere atawerama papepala. Kenako anaona chinthu. Puloti yawo inali yoyandikana ndi ya a Wilisoni, ndipo mbalame zikathawira kupuloti ya a Makisoniyo, zitini zimene iwo anamangirira pazingwe zinkalira ndi mphepo n'kuzibwezera komwe zachokera. Mpheta ilibe nkhani zambiri, imangofuna podyera mwamtendere.

Anaima kanthawi kuyang'ana mpunga wawo wa mtundu wa faya, umene anawokera okha msana uli wopindika. Kenako anamasula zingwe ndi zitini zonse, n'kukazimanga kwa a Wilisoni. Sabata yonse ya mayeso ankakoka zingwezo atafulatira munda wawo kuti asaone. Koma makutu alibe chitseko, phwando la kumbuyoko ankalimva, ndipo mtima unkawawawa.

A Wilisoni ankabwera tsiku ndi tsiku kudzasanthula ngala zawo, n'kubwerera osapeza ngakhale imodzi yodyedwa, nkhope ili gwa. A Elenala atapita kukaona munda anapeza mapesi ali njo. Sanalankhule kanthu mpaka mawu a amuna awo atabwerera, poti ankafuna munthu woti aziyankha. A Makisoni anayesa kuzemba ndi mwambi woti kupatsa n'kuika. Mayiwo anawapatsa mphika wopanda kanthu kuti aike pamoto zimene anaikazo, anthu adye. Chaka chimenecho banjalo linakhalira chinangwa ndi maganyu, ndipo aliyense wofunsa za zokolola a Elenala ankamuyankha kuti mpunga wawo unapita kusukulu.

Estere anasankhidwa kupita kusekondale, wa njinga uja n'kukapalasira kwina. Zaka zinapita. Mtsikanayo anachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo anapempha kuti amutumize kusukulu ya kwawo komweko. Atangofika, asanakaone ngakhale atsibweni ake, analunjika kwa a Makisoni. A Elenala ankapeta pakhonde. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuika lichero pansi.

"Abambo, tatulukani. Mpunga wathu uja wabwera, wavala ndi nsapato zomwe."

A Makisoni anatuluka, tsitsi lili mbuu. Estere anagwada pafumbi ndi diresi lake la kuntchito, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Mkuluyo anatsegula pakamwa, oyandikana nawo n'kukonzekeratu makutu. Tsiku limenelo kunalibe msonkhano wa chipani, koma mawu sanatuluke.