Makapasita Awiri Patebulo Lathu

Ndikakumbukira Lamulungu limene lija mtima umandiwawabe. Tinali titabwera kutchalitchi ndi alendo kunyumba kwathu ku Mulhuddart, ine ndili kukhitchini, mwana wanga wamkazi ali patebulo ndi homuweki ya fizikisi. Sabata imeneyo n'kuti akuti phunziroli alisiya chifukwa mutu wake sugwira, ine n'kumamunyengerera kuti apirire. Fizikisi ndi imene inandibweretsa ku Dublin, ndipo ndinkaona kuti mwanayo amaitha, chimene ankasowa n'kudzikhulupirira basi.

Funso linali la makapasita awiri, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi, olumikizidwa motsogozana. Pa muyeso wake, mmodzi anali wa mamaikrofaradi sikisi, winayo fili. Akalumikizidwa choncho, mphamvu yawo yosunga imachepa kuposa ya wamng'onoyo. Mwanayo anawerengera bwinobwino n'kupeza thuu.

Mwa alendowo munali bambo wina wachikulire, mkulu wa gulu lathu la Amalawi, amene anaphunzitsapo masamu kalekale kwathu. Anasuzumira, n'kulanda cholembera, n'kungophatikiza sikisi ndi fili ngati akuwerenga mazira. Naini. Mwana anawauza m'Chingerezi chake, modekha, kuti kuphatikiza kotero ndi kwa makapasita oyalidwa mbali ndi mbali.

Apa m'pamene mwamuna wanga anandipsetsa mtima. Munthu woti sadziwa ngakhale kusintha babu, anamukalipira mwana kuti Dublin yamuwononga, wamkulu satsutsidwa pagulu, apepese ndipo alembe zimene agogo anena. Alendo onse anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinatuluka m'khitchini manja ali ndi thovu, n'kupeza mwana akufufuta thuu wake, misozi ili lengelenge.

Ndinapinda bondo pamaso pa mkulu uja monga ndinaleredwera, koma mawu sindinawapinde.

"Bambo, pepani, mwanayu sanalakwitse. Mwalakwitsa ndinu."

Bambowo anati mabuku amasiku ano anasintha. Ndinawayankha kuti magetsi sanasinthe. Chakudya sanadye, ndipo mpaka lero amayi ena kutchalitchi amandipatsa moni wa m'mphuno, ati ndine wamwano. Zimenezo sizindisowetsa tulo.

Chimene chimandipweteka n'chimene chinachitika alendo atapita. Mwana uja, amene Chichewa amangomva osayankhula, anayang'ana malo ofufutidwawo nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'chilankhulo chathu, mwaulemu wonse umene atate ake ankaufuna.

"Amayi, ndiye ndilembe yankho la ndani?"

Ankalidziwa yankho, koma anali atayamba kupempha chilolezo.

"Lemba lako," ndinatero, ndipo ndinaima pomwepo mpaka analemba thuu.