Kamwala ka Tizigoba

Pa msika wa Masambanjati palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Ndinagulitsapo nthochi kwa mlimi wa nthochi, iye n'kundithokoza.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ankaphunzira za miyala ku Zomba, anabwera pa holide ndi kamwala kotuwa. Anandipatsa galasi lokuza zinthu. "Taonani, ababa. M'kamwalamu muli tizilombo ta m'madzi ta kalekale, tating'ono ngati njere za mawere. Kalikonse kali ndi zigoba ziwiri zolumikizana kumsana ngati chitseko. Mkati muli zipsera pomwe mnofu unkagwira potseka. Mitundu yake timaisiyanitsa ndi zipserazo."

"Nanga mulu wake ndi bwanji?" ndinafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Chifuwa chomwecho chinamutenga mvula isanagwe.

Kamwalako ndinkatsindira nako chiguduli cha pa benchi yanga, kuti ndizikaona ndikamagulitsa. Tsiku lina bwana wina wa ku esiteti ya tiyi anakatola n'kukayang'anitsitsa.

"Madala, aka mugulitsa?"

Ndikanangoti ayi. Koma pakamwa panga mawu amenewo sipawadziwa. Ndinatchula mtengo wa mbuzi kuti athawe. Iye anatsitsa, ine n'kukana, chizolowezi chitandigwira, anzanga ogulitsa mapeyala akuchemerera. Kenako anangoti, "Chabwino," n'kutambasula dzanja. Pamsika, mtengo ukautchula wekha pamaso pa anthu subweza mawu.

Mpaka lero amandiloza kuti ndine uja anagulitsa mwala pa mtengo wa mbuzi. Tsiku limenelo ine ndinkangoyang'ana pachiguduli, pomwe panatsala kamalo kopanda fumbi.

Inuyo mukuti anapambana ndani?