Bambo a Mawaya ndi Kabati ya Amayi

Bambo oyandikana nafe nyumba anapuma kalekale pa ntchito yokonza mawaya a lamya, koma mpaka lero amayenda maso ali m'mwamba. Mukawaitanira tabuleti yokana kugwira intaneti, saikhudza n'komwe. Amakhala pansi n'kufunsa funso limodzi lokha: "Mwasuntha chiyani m'nyumba muno?" Amati makina sakwiya okha.

Tsiku lina mchemwali wanga anati aimba pa vidiyo kuti amayi aone mdzukulu wawo woyamba. Tabuleti yathu ziii. Ndinaizimitsa, kuiyatsa, kulembanso pasiwedi kanayi konse, koma ayi ndithu. Amayi misozi inayamba kulengeza.

Bambo aja atabwera anafunsa funso lawo lija.

"Palibe, achimwene," anatero amayi. "Kungoti kabokosi ka intaneti kaja ndakasunga m'kabati yachitsulo. Kamada ndi fumbi."

"Alongo, kameneko n'kantchito, si mbale za alendo."

Bambowo anakatulutsa n'kukaika pawindo. Posakhalitsa kankhope ka khanda kanaoneka pagalasi la tabuleti, kakuyasamula. Bambo aja anavula chipewa n'kuwerama.

"Takulandirani, bwana. Koma muchenjere nawo agogo anuwa, angakutsekereni m'kabati."