Mawu a Tadala amene ndinawononga

Ndinaganiza zopita ku Blantyre sabata imene Tadala anasiya bere. Satifiketi yanga ya zamakompyuta inali itagona m'sutikesi zaka ziwiri, ndiye kampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu a zipatala itandiitana, sindinakane. Mwanayo ndinamusiya ndi amayi ku Msakambewa. M'mawa umenewo mapiri a Ntchisi ankayandama pamwamba pa nkhungu, ndipo minibasi itanyamuka pa Dowa Boma, inenso ndinkamva ngati mapazi anga sakugunda pansi.

Ntchito yanga inali iyi. Zotsatira za kuyezedwa kwa odwala timazitseka ndi kiyi wachinsinsi kuti wina asaziwerenge panjira. Zikatsekedwa sizikhalanso zilembo, zimasanduka manambala amene kompyuta yokha imawadziwa. Koma njira yotumizira imanyamula zilembo zokha. Choncho timaziveka zilembo wamba ndi njira yotchedwa base64, zikafika timazivula, kenako n'kutsekula. Abwana anga, mayi wa ku Zomba, ankakonda kunena kuti, "Tseka, kenako veka. Chosavala sichiyenda ulendo."

Lamlungu lililonse mng'ono wanga Chikondi ankajambula mawu a Tadala n'kunditumizira pafoni. Ndinkawamvera m'kachipinda kanga ku Ndirande nditatsinzina, kumbuyo kwake kukumveka mbuzi ndi mphepo ya m'mabulugamu. Koma ine mantha ndinabadwa nawo. Ndinkaopa kuti foni adzandibera, munthu wachilendo n'kumamvera mwana wanga. Ndiye ndinalemba kapulogalamu kangakanga, n'kumatseka mawuwo, kuwasunga pa laputopu, pafoni n'kufufuta.

Ndiulule: kuveka kuja ndinakudumpha. Ndinati zapakhomo sizifuna zonsezo, manambala aja n'kuwasunga ngati ndi zilembo kale. Kuyesa kutsekula, ngakhale kamodzi, ayi. Patatha miyezi khumi ndinafuna kumva Tadala akuyamba kuyankhula. Nditayesa kutsekula mawu aja, ndinapeza kuti paliponse pamene kompyuta inalephera kuwerenga inaikapo chizindikiro chofunsa. Kiyi ndinali naye, koma zotsekula zinali zitawonongeka. Chikondi anati kwake anafufuta kalekale, foni yake sichedwa kudzaza.

Ndinapempha tchuthi, n'kufika kumudzi nyengo yosoka fodya. M'chigafa munali amayi, Chikondi ndi azakhali anga, pomwe Tadala ankandisuzumira ali kuseri kwa mzati. Ndinawafotokozera zonse misozi ili m'maso, ndikudziwa kuti za base64 sakuzimva.

"Ndiye ukulirira zimenezo?" anatero amayi, manja osasiya kusoka. "Ukufuna za mwezi uti?"

Anayamba kutsanzira mmene Tadala ankaitanira nkhuku mvula itangoyamba. Azakhali anawatsutsa, akuti sankatero, ankakoka mawu kumapeto, n'kusonyeza. Chikondi anawonjeza nyimbo ya kutchalitchi imene mwanayo ankangoimba mzere umodzi mpaka anthu kutopa nayo. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, aliyense ndi Tadala wakewake, ine ndikungomvera ngati mlendo pa ukwati.

Kenako mwini wake anachoka pamzati paja, n'kudzagwira chitenje changa.

"Akunama onsewa," anandinong'oneza. "Bwerani kuno, ndikuuzeni ndekha."