Tsiku Limene Ndinagawa Kalasi Pakati

Chaka changa chachitatu pa ntchito ya uphunzitsi ananditumiza kusekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsanama. Kwathu ndi ku Balaka, ndiye ndinkadziona ngati wapakhomo, poti tangosiyana mtsinje wa Shire. Anandipatsa phunziro la mbiri yakale ku Fomu Thuu. Kalasi inali yodzaza, ana atatu padesiki imodzi, ena Asilamu, ena Akatolika, ena a mipingo ina. Pabuleki ankasakaniza Chichewa ndi Chiyao osazindikira n'komwe kuti asintha chilankhulo. Ine Chiyao changa chinkathera pa moni.

Teremu yachiwiri tinafika pa mutu wa malonda a akapolo. Ndinawafotokozera za magoli a m'khosi ndi ulendo wautali wopita kunyanja yamchere, monga mmene buku linanenera. Nditamaliza, mtsikana wina wokhala kutsogolo anakweza dzanja. Anali wamng'ono thupi, wovala mpango wobiriwira kumutu, ndipo ankachokera njira ya ku Chikweo panjinga ya bambo ake. Makope ake anali aukhondo kuposa anga.

"Madamu, nanga anthuwo atafika kumeneko, zinatha bwanji?"

Buku lathu linangowasiya anthuwo pagombe. Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha Lolemba.

Kumapeto kwa sabatako ndinafukula manotsi anga a kukoleji. Zimene ndinali nazo zambiri zinali za ku America, kumene nkhani ya ukapolo inagawa dziko mpaka eni ake kumenyana okhaokha. Lolemba ndinawauza zoona kuti anthu ambiri amene anatengedwa kuno kwathu anapita njira ina, ndipo akapolo a ku America ambiri anachokera kumadzulo kwa Africa. Koma ndinati tiyeni tiwatsatire amenewo, tione kuti zinatha bwanji. Ndinajambula dzikolo pabolodi n'kulemba mzere pakati. Kummwera kunali minda ikuluikulu yolimidwa ndi akapolo. Kumpoto ambiri sankafuna kuti ukapolo ufalikire kumadera atsopano. Akummwera anati achoka, apanga dziko lawolawo, ndipo nkhondo inayamba.

Ana ankangondiyang'ana. Kenako ndinatchula mbewu imene inkalimidwa m'minda imeneyo, kalasi yonse inadzuka.

"Thonje lomweli, madamu?"

"Lomweli. Ndani anatolapo thonje?"

Pafupifupi onse anakweza manja. Wina anandionetsa zipsera m'mbali mwa zikhadabo, momwe makoko ouma a thonje amabaya. Wina anati chopweteka si zala, ndi msana. Mtsikana wa mpango uja anati thonje limanyenga, umatola tsiku lonse koma thumba likaikidwa pasikelo silemera kanthu. Ndinawauza kuti aganize akutola kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, thonje si lawo, munda si wawo, ndipo mwana amene abereka akhoza kugulitsidwa mawa. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine mphunzitsi weniweni.

Kudzimva kumeneko n'kumene kunandilakwitsa. Lachitatu ndinaganiza zochititsa mtsutso. Ndinati mizere ya kumanja akhale akumpoto, ya kumanzere akummwera, ndipo mbali iliyonse iteteze maganizo ake. Ana akukoka madesiki, mnyamata wina wamtali wokhala kumbuyo, amene ankakonda kuseketsa anzake, analankhula mokweza.

"Madamu, musavutike n'kugawa. Ayao onse apite uko. Si ndi amene ankagulitsa anthu?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Ine ndinangoti, "Iwe, khala chete," n'kupitiriza ngati palibe chachitika, chifukwa ndinkaopa kuti nthawi itha. Mtsikana uja desiki yake inali kumanzere, ndiye anapezeka ali mbali ya eni akapolo. Sanalankhule mpaka belu linalira. Lachinayi sanabwere. Lachisanu sanabwerenso.

Loweruka m'mawa ndinakwera kabaza kupita kwawo. Mnzake wina anali atandilongosolera njira: mukadutsa mzikiti waung'ono, mukhotere kumene kuli munda wa chinangwa, nyumba ya zitseko zabuluu. Ndinapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Mayi ake anandiyalira mkeka, n'kubweretsa chinangwa chophika m'mbale. Mtsikanayo anadzandipatsa moni atagwada, kenako anakakhala pakhonde chapatali.

Ndinafotokoza zonse, ndipo sindinabise kuti cholakwa chachikulu chinali changa. Bambowo anamvetsera osasiya ntchito yawo. Anamiza chubu m'madzi, n'kuyang'ana ngati patuluka thovu.

"Anatiuza kuti mutu ukumupweteka," anatero. "Koma mutu wopweteka nthawi ya sukulu yokha tinaukayikira. Dzulo ndi pamene wanena."

"Pepani kwambiri, bambo."

"Iyayi, aphunzitsi, mwachita bwino kubwera. Mnyamata uja sananame kwenikweni. Zinkachitika. Kungoti wanena theka."

Anapukuta manja pa buluku, n'kumuitana mwana wawo kuti asendere pafupi. Anayamba m'Chiyao, kenako anakumbukira kuti ndilipo n'kubwerera ku Chichewa.

Anati agogo a mayi awo anafika m'mudzimo ali kamtsikana, atagulidwa ndi nsalu. Palibe amene ankadziwa kwawo. Chilankhulo chawo chinali chachilendo, ndipo dzina limene anaikidwa nalo m'manda linali lopatsidwa konkuno. Atakula, munthu amene anawagula uja anawakwatira, nabereka nawo ana.

"Ndiye wogulayo ndi gogo wathu, wogulidwayo ndi gogo wathunso," anatero bambowo. "Mayi anga anawaona ali okalamba. Ankati akamasinja ankaimba kanyimbo kena, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woimva. Akafunsidwa tanthauzo ankangoseka. Mwina nawonso anali ataiwala."

Mtsikanayo anali atasiya kuseweretsa nsonga ya mpango wake.

"Bwanji simunandiuzepo, ababa?"

"Ndikanayambira pati? Si nkhani yoti munthu n'kungoiyamba pa chakudya."

"Nyimboyo mukuidziwa?"

"Iyayi. Mayi anga ankadziwa kamvekedwe kake kokha. Ine sindinasamale, ndinali mwana."

Mayi a mtsikanayo anandikankhira mbale ija kuti ndidye. Pochoka, mtsikanayo anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo tili m'njira anandipempha kuti nkhani ya gogo wakeyo ndisakainene m'kalasi. Ndinamulonjeza.

Lolemba mtsikanayo anabwera kusukulu. Ndisanalowe m'kalasi ndinamuitanira pambali mnyamata wamtali uja, kuseri kwa ofesi. Ndinkayembekeza kuti akana kapena aseka, koma anangozyolika. Anati mawuwo anawamva kumsika akuluakulu akunyozana mocheza, ndipo ankaganiza kuti anzake aseka basi. Ndinamufunsa ngati anaona amene sanaseke. Anati anaona.

M'kalasi ndinayamba ndi kupepesa. Ndinawauza kuti ndinalakwa kusandutsa nkhani yowawa kukhala masewera, ndiponso ndinalakwa kungodutsa mawu amene ananenedwa. Ndinati m'nthawi imeneyo anthu a mitundu yosiyanasiyana anagulapo, anagulitsapo, ndiponso anagulitsidwapo, ndipo m'kalasi muno mulibe mwana amene anamangapo munthu goli. Ana sanazolowere kumva mphunzitsi akupepesa, ndiye ena ankayang'anana. Mnyamata uja anaimirira yekha, n'kunena kuti, "Pepani nonse," mawu osamveka bwino, n'kukhala pansi msangamsanga.

Tinapitiriza ndi nkhondo ija, tsopano popanda kugawa madesiki. Ndinawauza kuti inatenga zaka zingapo, inapha anthu ochuluka, ndipo m'mabanja ena mwana wina ankamenyera mbali iyi, mbale wake mbali inayo. Ndinawauzanso kuti akapolo ambiri sanakhale n'kumadikira, anathawa m'minda n'kukalowa usilikali kuti amenyere ufulu wawo. Ndikulemba pabolodi ndinamva mawu kumbuyo. Anali mnyamata yemwe uja, koma ulendo uno anakweza dzanja.

"Madamu, zoti pachibale kumenyana mbali ziwiri, zinachitika kwathu."

Anafotokoza kuti bambo ake anabadwira ku Mozambique, ndipo anawoloka malire cha kunyanja ya Chiuta ali mwana, pothawa nkhondo. Akulu awo awiri anatengedwa, wina ndi asilikali a mbali ina, wina ndi a mbali inayo. Mmodzi anabwerera. Winayo mpaka lero sakudziwika kumene ali. Anati bambo ake akamva kuti kwabwera munthu wochokera dera la kwawo, amasiya khasu kukamufunsa.

Sindinali kuzidziwa zimenezi, ngakhale mwanayo ndinali nditamuphunzitsa miyezi isanu. Ndinaona mtsikana wa mpango uja atatembenuka, akumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kwa ine.

"Madamu, nkhondo itatha, amayi amene ana awo anagulitsidwa anawapeza?"

Ndinamuyankha kuti ena anawapeza, ambiri ayi. Anthu omasulidwawo ankayenda mitunda italiitali wapansi akufunsa m'matauni, ndipo ena ankalembetsa zidziwitso m'manyuzipepala, kutchula dzina la mwana, kumene anasiyana naye, ndi chizindikiro chilichonse chimene ankakumbukira. Zidziwitsozo zinkawerengedwa m'matchalitchi kuti osadziwa kuwerenga amve. Ntchito ya kunyumba inabadwira pomwepo. Ndinati aliyense alembe chidziwitso chotero, ngati munthu amene akufunafuna mbale wake.

Makope ndinawachonga Lachitatu masana mu ofesi ya aphunzitsi. Ambiri analemba bwino, ena anakopera kwa anzawo monga mwa nthawi zonse. Mnyamata uja analemba za munthu wa chipsera pachibwano amene ankadziwa kusoka maukonde, ndipo ndinadziwa kuti sanapeke. Mtsikana uja sanalembe m'kope. Analemba papepala lapadera, n'kulipinda pakati pa kope. Linkati akufunafuna abale a mtsikana wina amene anatengedwa kalekale ali wamng'ono, dzina lake lenileni silikudziwika, mudzi wake sukudziwika, koma ankadziwa nyimbo ya pamtondo. Linapitiriza kuti ngati kwinakwake kuli banja limene linataya mwana wotere, lidziwe kuti sanafere m'njira. Anakula, anakalamba, ndipo ali ndi zidzukulu zambiri, mmodzi ali Fomu Thuu.

Ndinali ndi cholembera chofiira m'manja, ndipo panali mawu awiri olakwika kalembedwe. Ndinawasiya momwemo. Mphunzitsi wa masamu amene tinkagawana tebulo anandifunsa ngati ndili bwino, ndinamuuza kuti choko chandilowa m'maso.

Mawa lake pobweza makope ndinamufunsa mtsikanayo chapansipansi ngati angandilole kusunga pepalalo. Anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Pepani madamu. Ababa anati ndikabwere nalo, akufuna ndikawawerengere azakhali."

Ndinamupatsa. Analiika pakati pa buku la sayansi kuti lisakwinyike, n'kupita kukakhala pamalo pake.