Mitambo ya ku Doha inandinamiza

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha achemwali anga enieni. Sindinagwire mpeni kapena mankhwala ayi, ndinangodziyesa wodziwa. Ndikulemba izi kuti wina asadzapusitsidwe ndi mitambo ngati mmene ndinapusitsidwira ine.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Waab, kuno ku Doha. Nditatha zaka zitatu, madamu anga anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wokhulupirika woti azilera ana a mng'ono wawo m'kompaundi yomweyo. Ndinatchula achemwali Asiyatu, amene ankandibereka kumsana ku Machinga amayi akapita kumunda. Amuna a achemwaliwo anali atamwalira n'kuwasiyira ana anayi. Anafika kuno mu Juni, dzuwa litalusa kale.

Kutentha kwa kunoko, amene sanafikeko sangakumvetse. Kwathu timadandaula ndi Okutobala, koma ukakhala pansi pa mtengo wa mango umapumako. Kuno ngakhale mthunzi umaotcha, ndipo amene akhalitsa amati chaka ndi chaka kukungowonjezeka. Madamu ankanena mobwerezabwereza kuti m'chilimwe munthu sayenda pansi masana. Ine mumtima ndinkangoti, aaa, anthu ofewa awa, anakulira m'galimoto.

Lachisanu lina mu Ogasiti, tonse tili pa ofu, tinapangana zokaona mnzathu wakwathu ku Al Murra. Dalaivala wa pakhomo anati atiperekeza dzuwa likapendeka. Itangokwana wani koloko ndinamva kugunda. Poyamba ndinayesa ndege. Kusuzumira pawindo, eee, mitambo yakuda bii chakumadzulo, mphezi zili ng'ani ng'ani! Kuno mvula imagwa pang'ono m'nyengo yozizira, m'chilimwe ndinali ndisanaionepo. Mtima unathawira kwathu. Ndinakumbuka fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, ndipo ndinalakalaka itandinyowetsa ngakhale kamodzi kokha.

Ndinathamangira kunyumba imene achemwali ankagwirako ntchito. Ndinati, "Achemwali, tiyeni tiyende pansi, kwachita mitambo, kuzizira pompano." Iwo anakayikira, nati tidikire galimoto. Ndinawaseka kuti afika dzulodzuloli koma ayamba kale udona. Anangomwetulira n'kuvala abaya yawo, mkanjo wakuda wofika kumapazi. Madzi sitinatenge. Ndinkati titengerenji madzi mvula ili pamutu?

Abale anga, mitambo ija inali ya kwina. Kwa ife inangotumiza mphepo yafumbi ndi timadontho towerengeka, tomwe tinauma pomwepo pa tala. Kenako mpweya unalemera ngati nthunzi ya mumphika, zovala n'kumata pathupi. Titayenda kamtunda, achemwali anati mutu ukuwawa ndipo akumva chizungulire. Ndinawauza kuti alimbe mtima, tatsala pang'ono kufika. Kunena zoona, kubwerera kunali pafupi kuposa kupitirira, koma ndinachita manyazi kuvomera kuti ndalakwitsa.

Chimene chimandidya mtima mpaka lero ndi ichi. Nditawayang'ana ndinaona kuti thukuta lasiya, nkhope yauma. Ine chitsiru ndinasangalala. Ndinati, "Mwaonatu, thupi layamba kuzolowera." Sindinadziwe kuti pamenepo ndiye thupi lagonja. Posakhalitsa anayamba kuyankhula zosagwirizana. Anandiitana ndi dzina langa la paubwana, n'kundiuza kuti ndithamange ndikaanule ufa pamphasa usanyowe. Kenako miyendo inapindika, anagwa m'mbali mwa msewu.

Ndinakuwa, koma msewu unali zii, aliyense ali m'nyumba. Amene anandimva ndi mlonda wa pageti la kompaundi ina, bambo wa ku Nepal. Sanafunse zambiri. Tinawanyamulira m'kanyumba kake momwe munali AC yoziziritsa mpweya, iye n'kuwathira madzi ozizira m'mutu ndi m'khwapa uku akuimbira ambulansi, ine ndikuwakupiza ndi katoni. Thupi lawo linkaotcha ngati simbi. Ndinapemphera madua onse amene ndinkawadziwa, atatha ndinangotsala ndi mawu akuti, "Achemwali, musandisiye."

Anakhala masiku awiri osadziwa kanthu. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Moyo unapulumuka, alihamudulila, koma impso zinavulala. Ntchito yothamanga ndi ana sakanaithanso.

Achemwali atatsitsimuka, madamu anga anabwera kuchipatala nkhope ili gwa, n'kufunsa kuti maganizo oyenda pansi anali a ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, koma achemwali anandifinya dzanja. M'Chingerezi chawo chothyokathyoka anati ndi iwo amene anandikakamiza, poti mlendo sadziwa dzuwa la eni. Madamu atatuluka ndinalira ngati mwana. Iwo, munthu wodwala, ndi amene anandipukuta misozi, nati, "Tikachotsedwa tonse awiri, ana aja adya chiyani? Khala chete, mwanawe."

Ndinakhaladi chete, ndipo ntchito yanga ndikadali nayo. Iwo anabwerera ku Machinga. Khasu sagwiranso, miyendo imatupa, kuchipatala amapita pafupipafupi. Komabe akaimba foni, funso lawo loyamba ndi lakuti kodi ndikumwa madzi okwanira. Sanandinenepo mawu olasa ngakhale amodzi. Amayi ndi abale onse amadziwa kuti Asiyatu anadzivulaza yekha chifukwa cha liuma, ndipo ena amawatonza nazo pamaso pa ana awo. Iwo sanatsutsepo.

Inu amene muli kuno, kaya mukukonzekera kubwera, ndimvereni. Mitambo ya m'chipululu si ya kwathu. Kukagunda m'chilimwe, khalani m'nyumba muonerere pawindo, chifukwa mvula ikhoza kugwa kutali inu n'kutsala ndi kutentha koposa poyamba. Musatuluke opanda madzi, olo ulendo ukhale waufupi chotani. Mnzanu akadandaula mutu kapena chizungulire, imani pomwepo mufune pozizira. Mukaona thukuta lasiya, kapena wayamba kubwebweta, muthireni madzi ndipo imbani ambulansi, musadikire kuti muone kaye. Ndipo amene wakayikira musamuseke ayi, mwina ndi iye akuona bwino.

Mwezi wamawa ndikupita kwathu pa holide, ndipo ndatsimikiza zokagwada pamaso pa amayi n'kuwauza zoona. Achemwali andiletsa kale kawiri pafoni, akuti zinatha, zisiye. Koma sindingapirirenso kumva akutchedwa aliuma chifukwa cha liuma langa.