Mlendo wa M'chipinda Chosokera

Msana unayamba kundivuta nditasoka zaka zambiri pakhonde pa sitolo ina ku Namitete. Kuchipatala anandiuza kuti ndisamakhale pabenchi tsiku lonse, ndipeze mpira waukulu wopopa woti ndizikhalapo nditawongoka, ndikaweruka ndizigonapo chagada n'kumadziwongola. Ndinaupeza pakaunjika tsiku la msika, wotuwa, wopindidwa ngati chikopa. Mwamuna wanga anaupopa ndi pampu ya njinga.

Unandithandizadi. Makina ndinawasamutsira kunyumba, ndipo ndinkasoka nditakhala pampirapo.

Nthawi imeneyo tinkakhala ndi apongozi, amayi a mwamuna wanga, omwe mutu unali utayamba kuwasokonekera. Anali atasiya kucheza nafe. Koma tsiku lina masana, ndikuchokera kumjigo, ndinawamva akulankhula m'chipinda chosokera, mwaulemu, ngati akulonjera mlendo. Ndinawapeza atakhala pansi moyang'anana ndi mpira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amayi, kodi mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi awa," anatero osandiyang'ana. "Akuti mumawalanda mpando."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Nditaugwira, mpirawo unali wofunda, pamwamba pali polowa ngati munthu wangodzukapo kumene. Dzuwa silinkafika m'chipindamo, ndipo apongozi anali ofooka, sakanakhalapo osagwa.

Kuyambira pamenepo apongozi ankaika kapu ya madzi pambali pa mpirawo. Mwamuna wanga ankati ndi ukalamba chabe, ndipo mpira ukungophwa. Anaupopanso n'kutseka bwinobwino. Koma ndikangotuluka masana, pobwera ndinkapeza polowa paja. Ndinayamba kuodira ndisanalowe m'chipinda changa chomwe, ndipo ndikakhala pampira ndinkakhalira m'mphepete, msana n'kuyambanso kuwawa.

Tsiku lina mwamuna wanga atapita kudimba ndinazula chotsekera cha mpira uja. Mpweya unatuluka nthawi yaitali, ukununkha fodya wa m'chigafa, chonsecho ife sitilima fodya. Apongozi anaima pakhomo kumvetsera mpaka unatha.

"Ndiwaperekeze," anatero.

Ndinawatsatira chapatali. Ankayenda m'mphepete mwa njira, pakati atasiyira wina, akugwedeza mutu ngati akuuzidwa nkhani. Atafika pamphambano anaima, n'kuyang'ana njira ya ku Nsaru kwa kanthawi. M'njiramo munalibe munthu.

Atabwerako anakhala pakhonde n'kundipempha tiyi wothira shuga wambiri. Ndinawaphikira. Kenako ndinakamaliza diresi ya mwini nditakhala pampando wa m'khitchini, chitseko nditachisiya chotsegula.